Ndolo za Ng'ombe ndi Gitala Yanga ku Chisenga

Ana anga, za ubwana wanga ku Phalombe ndizidumpha, chifukwa munazimva kale kambirimbiri, ndipo zambiri n'za njala ndi matekenya. Ndiyambira pamene boma linandilemba ntchito ya ulangizi wa ziweto. Mwakhala mukundifunsa chimene chinandikalambitsira kuno ku Chitipa pomwe anzanga onse a kummwera anabwerera kwawo. Chifukwa chake n'chaching'ono kwambiri, moti chikhoza kubisala pansi pa chala chachikulu.

Chaka choyamba, nyengo yozizira

Ndinafika pa boma la Chitipa ndili ndi sutukesi, bulangete limodzi ndi gitala. Mkulu wa ofesi yathu anali bwana Kayira, munthu wamtali amene ankavala tayi ngakhale popita kukhola la nkhumba. Sindinawaonepo akuseka. Anandiyang'ana ine, kenako gitala ija, n'kunena kuti: "A Makwinja, mukupita ku Chisenga. Kumeneko kuli dibi yosambitsira ziweto, kuli nyumba ya chipinda chimodzi, ndipo kuli ng'ombe. Zimene kulibe ndi mankhwala, njinga, ndi anthu obwera kumisonkhano. Ziwiri zoyambazo n'zanga. Chachitatucho n'chanu."

Sananame. Msonkhano woyamba umene ndinaitanitsa kunabwera madoda awiri ndi galu, ndipo amene anakhala mpaka pomaliza anali galuyo. Mphepo yotsika m'mapiri a Mafinga inkalowa m'mafupa. Chitumbuka ndinkadziwa liwu limodzi lokha, "yewo", ndipo ndinkaligwiritsa ntchito popereka moni, pothokoza, popepesa ndi pokana. Masana ena, chifukwa chosowa wocheza naye, ndinakhala pakhoma la dibi n'kuyamba kuimba gitala. Amayi ochokera kuchigayo anatula mitolo yawo. Mawa lake anabwera ndi amuna awo. Pamenepo ndinazindikira kuti anthu sakana ulangizi, amakana munthu woima kutsogolo ndi buku. Ndinapeka nyimbo ya nkhupakupa, ina ya chitopa, ina ya njoka za m'mimba. Ndinkaziimba m'Chitumbuka chothyoka, ndipo ambiri ankabwera kudzaseka, koma ankabwera ndi ng'ombe zawo.

Vuto linayamba nsambo zimene ndinachoka nazo ku Limbe zitaduka. Zina kunalibe koziguliza, choncho ndinachita zimene oimba onse a kuno ankachita: ndinamasula mawaya a buleki ya njinga n'kumanga pagitala. Mawaya amenewo amalira bwino, koma ndi ouma mtima. Oimba gitala timakhala ndi kapulasitiki kakang'ono kamene timagwira ndi zala ziwiri pokanda nsambo, ndipo timangoti piki. Yanga inali yopyapyala ngati khoko la dzira. Pa mawaya a njinga inkangopinda, gitala n'kumamveka ngati ikunong'ona. Panyimbo yachitatu inathyoka pakati. Ndinapitiriza ndi chikhadabo. Chikhadabo chinang'ambika, chala chinatupa, ndipo bwana Kayira atabwera kudzayendera anandipeza ndikulephera kugwira jakisoni.

"Ng'ombe yakulumani?" anafunsa.

"Ndi gitala, bwana."

Anayang'ana ng'ombe zimene zinadzaza padibi, anayang'ana chala changa. "Boma silipereka chipukutamisozi pa gitala," anatero. "Koma anthuwa musawataye. Pezani chokandira china."

Mawu amenewo ndinawatenga ngati malamulo a ntchito, ndipo ndinawatsatira kwa zaka zingapo.

Zaka zofufuza

Piki yabwino ya mawaya a njinga imafunika kukhala yokhuthala, yosapindika, koma isakhale yachitsulo chifukwa imadya nsambo. Ndinaphunzira kusankha. Chinthu ndinkachipinda kaye ndi zala ziwiri, ndipo chikavomera ndinkachitaya. Chikakana ndinkachigwetsa patebulo n'kumvetsera. Chabwino chimati "gwa", chachabe chimati "pe". Pomaliza ndinkachiluma ndi mano a kutsogolo. Anthu pamsika anazolowera kuona mlangizi wa boma akuluma zivundikiro za ndowa, ndipo ogulitsa ena akandiona ankayamba kusunthira katundu kumbuyo.

Makadi a mayunitsi a foni ankafota nyimbo isanathe. Chipeso chinkachita phokoso ngati munthu akupala mamba a nsomba. Khobidi linadula waya tsiku lomwelo. Nyanga ya ng'ombe ndiyo inatsala pang'ono kundithandiza. Ndinaipala ndi tupa Loweruka lonse mpaka inasalala, ndipo inalira mokoma. Koma inali ndi fungo limene agalu a ku Chisenga ankalimva ali kutali. Ndinaiika pamwala kuti ndimwe madzi, ndipo potembenuka ndinangoona mchira ukulowa m'chimanga.

M'zaka zimenezi ndi mmene ndinapeza mayi anu. Anabwera nyimbo itatha, pamaso pa anthu, n'kundiuza kuti m'nyimbo ya nkhupakupa ndinali kulangiza alimi kuti azisambitsa apongozi awo kawiri pamwezi. Ndinawapempha kuti andikonzere Chitumbuka changa. Akukonzabe mpaka lero. Mchimwene wawo wamkulu, a Lameki, anali woimba gitala wa kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo nawonso anali ndi vuto langa lomwelo. Ankakandira chidutswa cha mbale ya pulasitiki. Titakwatirana, mayi anu anaona mmene ine ndi alamu anga tinkayang'anira ziwiya zawo, ndipo mbale zabwino zonse anazitsekera m'sutukesi.

Kunali dalaivala wa lole, a Silungwe, amene ankapita ku Tunduma kukatenga katundu. Ndinawatuma. Ndinati: "Mukandigulire piki. Ikakhale yokhuthala, yolimba, yoti ngakhale mutaikakamiza isapinde." Anati zimenezo ku Tanzania n'zosasowa. Patapita sabata ndinamva hutala pamsewu. A Silungwe anatsika atanyamula paphewa piki yokumbira pansi, mpini wake watsopano.

"Mwati yosapinda," anatero. "Iyi kupinda yayi, adada. Ndayesa ndekha pamwala."

Ndinati yewo. Chimbudzi cha kunyumba ya boma ija chinakumbidwa ndi piki imeneyo, ndipo ndikumva kuti chilipobe.

Nditapeza tchuthi ndinapita ndekha kumsika wa ku Tanzania, kutsidya la mtsinje wa Songwe. Ndinafunsa mnyamata wina za piki. Anati, "Pikipiki? Ipo, karibu," n'kundikoka dzanja mpaka pamalo ogulitsira njinga zamoto, ndipo ndinavutika kutulukapo chifukwa anali atandikweza kale pa imodzi. Madzulo ndinapeza kagolosale kamene kanali ndi mapiki enieni a gitala m'kabotolo, ofiira, obiriwira, okongola. Onse anali opyapyala. Ndinayamba kuwapinda limodzilimodzi, mwini golosale akundiyang'ana. Nditatengera limodzi kukamwa anandilanda botolo. Ndinagula atatu, n'kudzawamata pamodzi ndi guluu. Anagwira masabata angapo. Lamlungu lina, pakati pa nyimbo ya chopereka, anamatuka n'kuuluka. Limodzi linagwera m'mbale ya chopereka, ndipo mkulu wa mpingo anakana kundibwezera. Anati chimene chalowa m'mbale ya Chiuta sichituluka.

Chaka cha ndolo

Umbava wa ng'ombe unali utakula. Ng'ombe ikasowa madzulo, pofika mawa inkakhala itadutsa malire. Boma linatitumizira timapulasitiki tachikasu tokhala ndi manambala, toboolera kukhutu kwa ng'ombe iliyonse, ndipo mwini wake ankalandira khadi la nambala yomweyo. Alimi anangoti ndi ndolo. Bwana Kayira anabwera okha kudzayambitsa ntchitoyi, atavala tayi. Pa ng'ombe yoyamba, chopanira chinaterereka, ndolo n'kuthyoka pakhosi pake. Inagwera pasimenti ya dibi. Inati "gwa".

Ndinaitola. Ndinaipinda, inakana. Ndinayang'ana kumbali n'kuiluma.

"A Makwinja, mukudya katundu wa boma?"

"Bwana, yothyokayi muitaya?"

"Ndiitaya."

"Ndingaitenge?"

"Tengani. Mukavale."

Madzulo ake ndinaidula ndi mpeni wotentha, ndinaipala m'mbali, ndipo nditakanda waya woyamba mayi anu anatuluka m'khichini ndi mthiko m'manja. Gitala ija inalankhula ngati munthu wakhuta. Nsambo zazikulu zinkagunda pachifuwa, zazing'ono zinkamveka kumsewu. Piki yatsopanoyi sinkaterereka ngakhale zala zichite thukuta, chifukwa zilembo zake zinali zotumphuka. Zaka zonse zija ndinali kufuna chinthu chimene boma linali kudzandibweretsera m'katoni.

Lamlungu ndinaimba nayo kutchalitchi. Mapemphero atatha a Lameki anandikokera kuseri kwa nyumba yopemphereramo.

"Alamu, mwagula nkhuni ichi?" Akati nkhuni, ana anga a m'tauni, ankatanthauza kuti ndagula kuti.

Ndinawauza zoona, chifukwa panalibe chobisa. Ndinati ndi ndolo ya ng'ombe yothyoka, abwana andipatsa. Iwo anamva "ndolo ya ng'ombe". Liwu lakuti "yothyoka" linapita ndi mphepo ya ku Mafinga.

Poyamba sindinazindikire kanthu. Ndinkangoona kuti makwaya a dera lonse ayamba kumveka bwino. Kenako padibi ndinaona ng'ombe imene ndolo yake inali yodulidwa pangodya, moongoka bwino ngati ndi lumo. Ndinaganiza kuti ndi minga. Sabata yotsatira zinali zingapo. Odula oyamba anali aulemu, ankasiya nambala yonse. Obwera pambuyo anapeza kuti ngodya zatha, ndipo anayamba kudula mkati. Tsiku lina alimi awiri anatsala pang'ono kumenyana chifukwa ng'ombe zawo zinali ndi nambala imodzi. Ndinalengeza padibi ndi m'matchalitchi kuti mchitidwewu uthe. Ndinapekanso nyimbo yake. Makwaya anaikonda kwambiri nyimboyo, ndipo ankaiimba mwaluso ndi mapiki achikasu.

Dzinja lotsatira

Kunali mayi wina wamasiye, a Nyakaonga, amene anali ndi ng'ombe imodzi yokha, yaikazi yofiira. Ankalera adzukulu atatu, ndipo mkaka wa ng'ombeyo ndiwo unkawasunga. Nambala yake inali 418. Mvula itayamba, ng'ombe ija inasowa. Patapita masiku kunabwera uthenga kuti yapezeka kutsidya la Zambia, ndipo akuluakulu a komiti ya ziweto kumeneko aisunga m'khola podikira mwini wake. A Nyakaonga anayenda wapansi kudutsa phiri ndi khadi lawo. Anabwerako opanda ng'ombe. Khadi linkati 418, khutu linkati 41. Munthu wina wa komweko anali atayamba kale kunena kuti ng'ombeyo ndi yake.

Mayiwo sanabwere kwa ine. Anakwera lole mpaka pa boma, n'kukakhala pansi pakhomo la ofesi ya bwana Kayira. Ine anandiitana mawa lake.

Apa muyenera kudziwa kuti nthawi imeneyo bambo anga anali atamwalira, ndipo mayi anga, agogo anu, anatsala okha ku Phalombe miyendo ikuwavuta. Ndinali nditapempha kuti andisamutsire kufupi ndi kwathu. Bwana Kayira anali atavomera kundilembera mawu abwino, ndipo pempholo linali patebulo pawo, likungodikira siginecha.

"A Makwinja," anatero, "ku likulu akufuna kudziwa chimene chikudya ndolo ku Chisenga. Ndinawayankha kuti ndikufufuza ngati ndi matenda. Inu mukudziwa matenda ake."

"Ndikuwadziwa, bwana. Ndipo mukudziwa kuti anayambira pa ndolo imene munandipatsa."

"Ndinakupatsani imodzi. Sindinakupatseni khola. Ndikufuna maina a odula onse, ndiwapereke kupolisi. Mukabweretsa, ndisayina ichi. Mukapanda kubweretsa, ndidzadziwa kuti ku Chisenga mwakukonda."

Ndinabwerera ku Chisenga. Maina ndinkawadziwa onse, chifukwa woimba gitala sabisa chala. Munali aphunzitsi a Sande sukulu, munali mkulu wa mpingo uja wa mbale ya chopereka, munali ana a alimi amene ankadzaza dibi yanga. Ndipo panali chinthu china chimene chinkandisowetsa mtendere kuposa zonse. Lamlungu lililonse ndinkakhala pafupi ndi a Lameki m'kwaya, ndipo pa piki yawo panali nambala 8 yakuda bii.

Ndinawafotokozera mayi anu zonse ali kusankha nyemba. Sanadzutse mutu.

"Mukawatchula," anatero, "ng'ombe kudibi muzikasambitsa zanu. Ndipo tsiku limene m'nyumba muno mudzagwe maliro, mudzaimba nokha."

"Nanga amayi kumudzi?"

"Amama ndi nkhani ina, tiikamba. Koma a Nyakaonga polisi siiwabwezera ng'ombe. Akufuna 8 wawo. Pitani kwa alamu anu."

"Ndi achimwene anu. Bwanji mupite ndinu?"

"Anawaphunzitsa ndine?"

M'mawa ndinakawapeza a Lameki akupalira chimanga. Tinapatsana moni wautali, tinafunsana za ana, za mvula, za mbozi. Kenako ndinati: "Alamu, ndabwera kudzapempha 8."

Anatsamira khasu. Sanakane. Anati ng'ombeyo inabwera yokha m'munda mwawo kudzadya nyemba, ndipo iwo anangoti ilipire pang'ono. Anati sankadziwa kuti ndi ya a Nyakaonga, ndipo atamva za ku Zambia tulo tinawathawa, koma ankaopa kuti akaulula awamanga.

"Sindikutchulani kwa munthu," ndinatero. "Ingondipatsani."

Anaitulutsa m'thumba la malaya, m'kabokosi ka machesi. Anaiyang'ana nthawi yaitali. "Alamu, iyi yikupulika dzanja langa," anatero. "Ine nikupereka, kweni Sabata nikayimbe na vichi? Kuli ukwati wa mwana wa abusa."

Ankatanthauza kuti pikiyo inazolowera dzanja lawo, ndipo akaipereka adzasowa choimbira Lamlungu. Ndinadziwa kumene nkhani inkalowera. Ndinayesa kuwauza za zivundikiro za ndowa, ndinawauza kuti nyanga imalira bwino ngati ulibe galu. Iwo ankangoyang'ana thumba langa. Piki yanga inali yokhayo m'dera lonse imene inapezeka mwachilungamo, ndipo ndinali nditaifunafuna kuyambira ndili mbeta. Ndinaitulutsa n'kuwapatsa. Anaipinda, anaigwetsa pakhasu, anailuma, ngati kuti mwina ndawabweretsera yabodza.

Tinanyamuka atatu, ine, a Nyakaonga ndi a Lameki, amene anati apite nawo kuti akathandize kukusa ng'ombe. Njira ya m'mapiri a Mafinga nthawi ya mvula ndi yoterera, ndipo mayi wokalambayo ankatisiya kumbuyo n'kumatidikira pamwamba. Sanafunse kumene 8 anachokera. Anangowayang'ana a Lameki kamodzi n'kuwapatsa mtolo wawo kuti anyamule, ndipo anaunyamula ulendo wonse osadandaula.

Kutsidyako anatilandira bwino, poti chilankhulo n'chimodzi. Wapampando wa komiti anaitanitsa anthu, ndi munthu uja ankati ng'ombe ndi yake. Ndinagwira khutu la ng'ombe n'kulumikiza kachidutswa kaja. Mbali ziwiri zinali zitaperepeseka ndi mawaya, koma mbali yodulidwa inagwirana ndendende, ndipo aliyense anawerenga 418. Ng'ombe nayonso inathandiza, chifukwa itamva mawu a a Nyakaonga inayamba kulira n'kukankha mtanda wa khola. Munthu uja anati mwina yake inali yofiira mosiyanako, n'kuchoka.

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma wapampando anatenga kachidutswako n'kukatembenuza. "Nanga chapalika chotere chifukwa chiyani?"

Ndinawaponda phazi a Lameki. Sanamve. Anafotokoza zonse, ndipo wina atathamangira gitala m'nyumba, a Lameki anawasonyeza ndi piki yanga ija. Anthu anasonkhana, amayi anayamba kuvina. Ine ndinkayang'ana anyamata a kumeneko. Sankayang'ana gitala. Ankayang'ana makutu a ng'ombe zawo, zimene nazonso zinali ndi ndolo za boma lawo. Ndinawauza anzanga kuti tinyamuke kusanade.

Lolemba ndinapita ku boma. Ndinawauza bwana Kayira kuti ng'ombe yabwerera kwa mwini wake.

"Ndamva. Maina?"

"Sindibweretsa, bwana."

"Mwaiwala?"

"Ndikuwakumbukira onse. Koma ndikawatchula, ntchito imene munandituma tsiku loyamba yatha. Anthu aja sadzabweranso."

Kenako anatsegula kabati, anaikamo pempho langa, n'kutseka. Sanakalipe. Anati mawu awo sabweza, ndipo ine ndinati ndikudziwa. Ndinatuluka. Ndinakhala pansi pa mtengo panja pa ofesi nthawi yaitali, ndikuganiza mmene ndikawauzire mayi anga kuti sindikubwera.

Patapita masabata awiri galimoto ya ofesi inaima padibi. Bwana Kayira anatsitsa katoni. Munali ndolo zothyoka ndi zolembedwa molakwika zimene anasonkhanitsa m'madera onse a boma lino. Anaitanitsa atsogoleri a makwaya, anawaimika pamzere ngati ana asukulu, n'kunena kuti: "Tchalitchi chilichonse ziwiri. Amene adzakhudzenso khutu la ng'ombe ndidzamumanga ndi tayi yangayi." Anagawa okha. Mkulu wa mpingo uja analandira ndi manja awiri. Nditafika ine kumapeto kwa mzere, anatseka katoni.

"Inu ayi, a Makwinja. Inu mwaimba mokwanira."

Kuyambira pamenepo kudula kunatha. Ine ndinabwerera kumsika kukaluma ziwiya, mpaka ndinakhazikika pa tako la chigubu cha mafuta ophikira. Limati "gwa" pang'ono, ngati munthu wovomera mokakamizidwa.

Chilimwe chake

Nkhani ya agogo anu anaimaliza ndi mayi anu. Anati ngati boma lakana kupititsa mwana kwa mayi wake, palibe lamulo loletsa kubweretsa mayi kwa mwana. Anagulitsa nkhumba zawo, ndipo tinapita tonse ku Phalombe. Agogo anu anakana masiku angapo. Anati Chitipa ndi kunja kwa dziko, anati kumeneko anthu amafa ndi chisanu ali chiimire. Anavomera atamva kuti mdzukulu wawo woyamba, iwe Tiyamike, wayamba kulankhula koma sudziwa liwu limodzi la kwathu. Ulendo wonse anadandaula, ndipo pamapiri a pakati pa Karonga ndi Chitipa anatseka maso n'kuyamba kutchula maina a abale awo amene anamwalira.

Anakhala nafe zaka zawo zonse zotsala, ndipo n'chifukwa chake manda awo ali kuno. Anagwirizana kwambiri ndi a Nyakaonga. Wina ankalankhula Chilomwe chosakaniza ndi Chichewa, wina Chitumbuka, ndipo ankacheza tsiku lonse pakhonde akumwa chambiko cha ng'ombe yofiira ija. Atamwalira, mtima wobwerera kummwera unandithera. Bwana amene analowa m'malo mwa a Kayira anapeza pempho langa m'kabati n'kundifunsa ngati ndikulifunabe. Ndinati alisiye momwemo.

Koma ndikufuna mudziwe zimene ananena Lamlungu lawo loyamba kuno. Ndinali nditawafotokozera nkhani yonse m'basi, ya ndolo, ya maina, ya piki imene ndinapereka. Kutchalitchi tinawakhazika kutsogolo atafunda mabulangete awiri. Kwaya inaimba nyimbo ziwiri. Yoyamba ndinatsogolera ine ndi tako langa la chigubu, yachiwiri a Lameki ndi piki yachikasu. Potuluka ndinawagwira mkono kuti atsike masitepe.

"Iwe Yohane," anatero, "kanthu kaja unasiyira kubwera kwanu, ndi kamene kali ndi alamu akowo?"

"Ndi komweko, amayi."

Anaima, anawayang'ana a Lameki amene ankapukuta gitala pakhomo, kenako anandiyang'ana ine.

"Unachita bwino kuwapatsa," anatero. "Amene aja ndiye amatha."